Amayi Ake Anatchona

Bambo anga anapita ku Joni atanyamula bulangete ndi sutikesi yachitsulo, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa kuti akukakumba pansi pa nthaka. Ine ndinapita nditanyamula laputopu, ndipo mpaka lero pali abale ena amene sakhulupirira kuti kumeneko ndinkagwira ntchito.

Kwathu ndi kufupi ndi mishoni ya Nzama. Ndinali mphunzitsi. Mwamuna wanga atamwalira, mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anandilumikiza ndi kampani ina ya ku Ulaya imene inkathandiza alimi pa foni. Mlimi amaimba n'kufotokoza vuto la m'munda mwake, mlangizi n'kumuyankha, ndipo zokambiranazo ankazijambula. Ntchito yanga inali kumvetsera mawuwo, kuwalemba m'Chichewa, kenako kuwamasulira m'Chingerezi kuti eni kampaniyo adziwe zimene zikuvutitsa alimi. Bwana wanga sindinamuonepo ndi maso. Anali mayi wina wolemba mauthenga afupiafupi.

Chovuta chinali netiweki. Kuti mawu a tsiku limodzi alowe mu laputopu, ndinkakwera pachulu kuseri kwa khola n'kukhala pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Batire likatha ndinkayenda mtunda kukatchaja pa golosale. Ntchito inachedwa kawiri. Kachitatu bwana analemba kuti ndikapanda kupeza malo a magetsi ndi intaneti yodalirika, ntchitoyo apatsa wina.

Ndikanatha kungochita lendi kachipinda pa boma. Ndinene zoona, sindinafune. M'nyumba mwanga chilichonse chinkandikumbutsa malemu, ngakhale msomali umene ankakolekapo jekete. Mnzanga uja atandiuza kuti anthu a ntchito ngati iyi amagwirira kulikonse, ngakhale kunja kwa dziko, mtima unanyamuka thupi lisananyamuke. Ndinali ndisanatulukepo m'Malawi, kupatula kuwoloka msewu kukagula nsapato ku mbali ya Mozambiki.

Mwana wanga ndi mmodzi, Tadala. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamusiya kwa achemwali anga, amake Yohane, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga. M'mawa wonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Mwati miyezi ingati?" anafunsa achemwali.

"Itatu basi. Ndikangokhazikitsa ntchito ndibwera."

Anangokonza mpango wawo. Tadala anali atagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri, koma sankalira. Anandiuza kuti ndikamugulire nsapato zowala, zija zimayaka munthu akaponda. Ndinalonjeza.

Masiku a pa pasipoti sachuluka. Akatsala pang'ono kutha, umayenera kutuluka m'dzikomo. Motero moyo wanga unakhala wa m'basi. Ndinakhalako ku Joni, ku Maputo, ku Dar es Salaam, kenako ndinkabwererabwerera ku Kepitawuni chifukwa kumeneko ndinapeza hositelo yotchipa, ya intaneti yosadukaduka. Tinkagona akazi asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, pa mabedi osanjikizana. Anzangawo ankasintha sabata iliyonse. Umati ukangophunzira dzina la munthu, mawa lake pabedi pake pagona wina.

M'hositelomo munali chipinda chogwirira ntchito, cha tebulo lalitali pafupi ndi windo. Pankakhala achinyamata a ku Ulaya ndi ku Amereka, aliyense ndi laputopu yake. Ankandikonda ndithu. Ankandifunsa kuti Malawi ali mbali iti, ndikawauza ankati tsiku lina adzabwera. Ikakwana nthawi yoweruka ankanyamukira limodzi kupita kunyanja, ine n'kutsala. Ankandiitana, koma nthabwala zawo ndinkazimva mochedwa, ndipo kuseka wekha anzako atasiya kale n'kochititsa manyazi.

Chinkandisautsa kwambiri n'chakuti tsiku lonse m'makutu mwanga munkakhala Chichewa. Ndikavala mahedifoni ndinkakhala kwathu. Bambo wina akudandaula kuti mbozi zalowa m'chimanga, kumbuyo kwake tambala akulira. Mayi wina akufunsa ngati angathire manyowa a nkhumba ku kachewere, mwana ali kumsana akutsokomola. Ndinkazindikira munthu wa ku Mlangeni pongomva mmene akukokera mawu. Nthawi zina ndinkaiwala n'kuyankha mokweza kuti, "Pepani, bambo," azungu aja n'kucheuka. Ndikavula mahedifoni, onse aja ankazimiririka. Ndinkatha sabata yathunthu ndisanalankhule Chichewa ndi munthu wamoyo woti n'kundiyankha.

Loweruka linali tsiku langa loona mzinda. Ndinkadziuza kuti ndikuonera Tadala. Ndinakwerapo basi yofiira yopanda denga imene imazungulira mzinda wonse, mphepo ikundivula mpango. Ndinalowapo m'nyumba ina yaikulu mmene nsomba zamoyo zimasambira kuseri kwa magalasi, zina zazikulu kuposa chitseko. Ndinapita ku msewu wa nyumba zopakidwa utoto wowala, iyi yachikasu, iyo yobiriwira, ndinapitanso kugombe kumene kuli mbalame zakuda ndi zoyera zosauluka, zoyenda chodzikoka ngati akuluakulu a mpingo. Paliponse ndinkayang'ana munthu wa nkhope yofatsa n'kumupempha kuti andijambule. Ndinkamwetulira mpaka atandibwezera foni. Ndikatero ndinkagula tchipisi n'kukadyera pabenchi, ndikuyang'ana mabanja akudutsa.

Zithunzizo ndinkatumiza pa foni ya alamu anga, amuna a achemwali. Miyezi yoyamba Tadala ankayankha ndi mawu ake. "Amayi, nsomba yaikuluyo amadya? Amaphika mu chiyani?" Ndinkamvetsera kakhumi. Kenako mayankho anayamba kufupika. Chaka chachiwiri alamu ankangolemba kuti, "Taona." Ndinamvanso kuti m'mudzi anthu akuti mayi uja akungodya dziko, ntchito yanji yoti Loweruka lililonse munthu ali pachithunzi.

Miyezi itatu ija inasanduka zaka zitatu. Kunyumba ndinapitako kamodzi kokha, chaka choyamba, ndipo sabata isanathe ndinali nditabwerera. Chithandizo ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya. Pa depoti ya ku Joni, basi ya ku Malawi inkaima pafupi ndi ya ku Maputo. Masiku a pa pasipoti akatha ndinkafika pamenepo, n'kuyang'ana anthu akupachika mafiriji ndi matiresi m'ngolo ya basi ya kwathu, kenako n'kukwera inayo. Ndinkati mwezi wamawa.

Munthu yekhayo amene ndinganene kuti anali mnzanga ku Kepitawuni ndi aNgozo. Anali mkulu wa imvi, wowonda, wovala chijekete chachikasu chonyezimira. Ntchito yawo inali kulondera magalimoto mu msewu wa kutsogolo kwa hositelo, eni ake n'kumawapatsa kangachepe. Ndinkawadutsa tsiku lililonse osadziwa kuti ndi a kwathu. Tsiku lina masana ndinaima panja ndikulankhula ndi alamu pa foni, ndikukuwa chifukwa cha mphepo. Nditamaliza ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa foni.

"Ndaswera bwino, kaya inu, abambo?"

"Kuyankhula kwanuko n'kwa ku Ntcheu. Mbali iti?"

"Ku Nzama."

"Aa, kwa ansembe. Ine wa ku Tsangano." Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

Anabwera kudzathyola mphesa m'mafamu, zipani zambiri zisanayambe kwathu, ndipo sanabwererenso. Chichewa chawo chinali chakale, chosakanikirana ndi zinenero za kumeneko, moti mawu ena ankawasakasaka akuomba chala. Sanali munthu wofewa. Tsiku loyamba kuwabweretsera tiyi anandifunsa ngati ndawaona ngati wopemphetsa. Ndinati ayi, ndatopa kumwa ndekha. Anandiyang'ana, n'kulandira kapu. Kuyambira pamenepo, nthawi yopuma masana ndinkatuluka ndi makapu awiri, n'kukhala nawo pa kakhoma ka m'mphepete mwa msewu.

Za abale awo sankalankhula. Ankafunsa za minda. Kodi anthu akulimabe kachewere wofiira uja? Kodi msewu wa ku Tsangano ukadali wafumbi? Tsiku lina ndinawaveka mahedifoni kuti amve mlimi wina wa kwawo akufunsa za mbewu. Anamvetsera atatseka maso. Mlangizi atayamba kuyankha, anapukusa mutu.

"Ameneyu sanagwirepo khasu. Kachewere sabzala choncho."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anapempha kuti ndibwezere poyamba, pamene pankamveka mabelu a ngolo ya ng'ombe ikudutsa.

Zimene zinandibweza kwathu zinachitika m'mawa wina wamvula. Ndinakhala patebulo paja, n'kutsegula mawu otsatira monga mwa masiku onse. Mlangizi anapereka moni. Amene anayankha anali achemwali anga.

Mawu ankabwera kwa ine popanda mayina, ndipo pa anthu onse amene ndinawamvera zaka zitatu ndinali ndisanakumanepo ndi munthu womudziwa. Koma mawu a munthu amene anakubereka kumsana sungawasokoneze. Ankafunsa za chiwawu chimene chinagwira masamba a kachewere kudimba. Mlangizi anawafotokozera za mankhwala, kenako anafunsa mafunso amene ankafunsa aliyense, kuti pakhomo pali anthu angati.

"Ine, abambo, ndi ana anayi," anatero achemwali. "Atatu ndi anga. Wachinayi ndi wa mng'ono wanga."

"Mayi ake anatisiya?"

"Ayi, ali moyo. Amayi ake anatchona."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati mmene munthu amanenera kuti mvula yachedwa chaka chino. Mlangizi anati pepani. Pomwepo, chapatali, kunamveka mawu a mwana akuthamanga.

"Amayi! Amayi! Mbuzi zalowa m'dimba!"

Anali Tadala. Mawu anali atakula, koma anali iye. Achemwali anayankha kuti, "Ndikubwera, mwana wanga," foni n'kuduka.

Kutchona ndinkakudziwa bwino. Ndili mwana, m'mudzi mwathu munali nyumba za amuna amene anapita ku migodi osabwerera. Akazi awo tinkawamvera chisoni, amunawo tinkawatchula ndi mawu apansipansi. Sindinaganizepo kuti mawu amenewo angakwane ine, munthu wotumiza chithandizo mwezi uliwonse, wojambulitsa zithunzi Loweruka.

Ntchito inali ntchito. Ndinalemba zonse m'Chichewa monga ananenera. Pomasulira ndinakhala nthawi yaitali pa liwu limodzi lija. Pomaliza ndinalemba kuti mayi wa mwanayo anapita kunja ndipo sanabwerere. Ndinatumiza. Bwana anayankha kuti zikomo.

Masana ndinatuluka ndi makapu awiri ngakhale kunali kukuwaza. ANgozo anali atabisala pakhonde la sitolo. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekezera kuti anditonthoza.

"Ndiye achemwali anuwo anama?" anafunsa.

"Ine ndimatumiza, abambo. Mwana sasowa kanthu."

"Inenso ndinkatumiza."

"Ndimaimba foni."

"Ife tinkalemba makalata. Ndinalemba zaka zinayi." Anapemerera tiyi wawo. "Mukuganiza kuti alipo amene amanyamuka kwawo atanena kuti ndikukatchona? Ine ndinati ndikubwera mvula ikayamba."

Ndinapsa mtima. Ndinatenga kapu yanga n'kulowa m'nyumba osatsanzika, ndipo masiku awiri sindinatuluke masana. Tsiku lachitatu ndinagula tikiti ya basi ya ku Malawi. Ndinatuluka kukawauza.

"Mwachita bwino," anatero, akuyang'ana magalimoto.

Linatsala Loweruka limodzi. Pamwamba pa mzindawo pali phiri lalikulu lathyathyathya ngati tebulo, ndipo anthu amakwerako pa kabokosi kagalasi koyenda pa chingwe. Ine ndinali nditakwerako kale ndekha. ANgozo analiyang'ana phirilo tsiku lililonse kwa zaka zoposa makumi atatu, koma sanapondepo phazi.

"Kumeneko n'kwa alendo," anatero nditawaitana.

"Nanga ife ndife eni mzinda?"

Anaseka. Loweruka m'mawa ndinawapeza atavala jekete lakuda lowakulira m'mapewa, nsapato atapukuta. M'kabokosi muja anagwira chitsulo ndi manja awiri, maso ali pansi, milomo ikugwedera. Ndinamva kuti akupemphera.

Pamwamba tinapeza nkhungu. Mzinda unkaoneka pang'ono n'kubisika, nyanja n'kuoneka n'kubisikanso. Alendo ankadandaula kuti zithunzi sizituluka bwino. ANgozo anaima n'kukoka mpweya wambiri.

"Uku ndi ku Tsangano," anatero. "Mwezi wa chisanu, m'mawa, potulutsa ng'ombe. Fungo lake ndi lomweli."

Tinayenda pang'onopang'ono pakati pa miyala mpaka tinapeza pokhala. Anandifunsa kuti kwathu ndi mbali iti. Ndinayang'ana pa mapu a m'foni n'kuwalozera. Kumene ndinaloza kunalibe chooneka, nkhungu yokhayokha, koma iwo anatembenuka n'kukhala moyang'ana komweko.

"Kamakina kanuko kangatenge mawu anga ngati mmene kamatengera a alimi aja?"

"Kangatenge."

"Ndili ndi mlongo wanga, Esinati. Ngati ali moyo. Mukamupatse."

Anandiuza dzina la mudzi ndi njira yake. Ndinayatsa foni n'kuwagwirira pafupi ndi pakamwa. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Esinati, ndine Fabiano. Ndili moyo. Ndili ku Kepitawuni, ndimalondera magalimoto. Sindinakwatire. Ndikufuna udziwe za ng'ombe yamawanga ija, imene inasowa sabata imene ndinanyamuka. Sanabe ndi anthu a ku Mozambiki. Ndinaitulutsa ndine, ndinakagulitsa kuti ndipeze ya ulendo. Ndinkati ndikabwera ndidzagula ziwiri, bambo asanadziwe. Sindinazipeze. Ndiye ndinalephera kubwera. Ndi zomwezo, Esinati. Ngati bambo ndi mayi anapita, undiuzire pamanda pawo."

Anavala chipewa. "Zimitsani." Potsika sanagwirenso chitsulo chija. Anayang'ana mzinda wonse kudzera pagalasi, n'kundilozera msewu wawo. Anati magalimoto akuoneka ngati nyemba.

Ulendo wa basi unatenga masiku. Ndinatsika pa Ntcheu masana, n'kukwera njinga yamoto mpaka kumudzi. Nyumba ya achemwali inali ndi malata atsopano. Yanga inali ndi loko wadzimbiri, ndipo pakhonde alamu anasanjapo matumba a mbewu. Anthu anabwera kudzandipatsa moni, ena akundifunsa ngati mbalame zoyenda ngati anthu zija zilikodi.

Tadala anali kusukulu. Ndinamuona akubwera chapatali ndi ana a achemwali, wamtali, tsitsi lometa, mabuku atawapanira m'khwapa. Ndinaimirira. Iye anafika, n'kugwada patsogolo panga monga amachitira mwana wolemekeza mlendo, n'kutambasula dzanja.

"Mwayenda bwanji, amayi aang'ono?"

Palibe amene anamudzudzula. Achemwali anayang'ana pansi. Ndinagwira dzanja lija n'kuyankha kuti ndayenda bwino. Kenako ndinatulutsa nsapato zowala zimene ndinamugulira ku Joni chaka choyamba nditabwererako kuchokera kunyumba, n'kumaiwala kapena kumazengereza kutumiza. Anathokoza mwaulemu, n'kuyesa. Chidendene chinatsala panja. Anapatsa mwana wamng'ono wa achemwali, amene anayamba kudumphadumpha pabwalo kuti ziyake.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinatsatira achemwali kudimba. Ankathirira. Ndinatenga keni inayo.

"Ndinamva zimene munanena pa foni ya alimi ija," ndinatero. "Mawu anu anafika kwa ine."

Anaima. "Zoti chiyani?"

"Zoti ndinatchona."

Anathira madzi onse a m'keni asanayankhe. "Ndikananena kuti chiyani? Kuti muli patchuthi?"

"Ndabwera tsopano. Ndikonza nyumba, Tadala azigona kwanga."

"Chaka chatha anadwala malungo, tinagona naye kuchipatala masiku anayi. Ndinakuuzani pa foni kuti akupeza bwino chifukwa sindinafune kukusokonezani pa ntchito. Mwanayu anatsala pang'ono kupita. Pamene ankabwebweta ankaitana ine." Mawu awo sanakwere. "Sindikukanizani, mwana ndi wanu. Koma musamunyamule ngati katundu amene munasungitsa. Mufunseni mwini wake."

Ndinamufunsa mawa lake. Anati kwa amayi n'kumene kuli bulangete lake.

Patapita masiku angapo ndinakonza zopita ku Tsangano kukapereka uthenga wa aNgozo. Achemwali ndiwo anati nditenge Tadala, chifukwa njirayo ankaidziwa, ankapita ndi alamu kukagula mbewu. Ndikuganiza kuti anachita dala. Tinakwera lole, tinatsika pamsika, n'kuyenda pansi kukwera mtunda. Tadala ankatsogola. Ankandiuza mayina a midzi osacheuka.

Mayi Esinati tinawapeza ali moyo. Anali atakhala pamkeka kutsogolo kwa nyumba, akusankha kachewere, wamkulu uku, wa mbewu uko. Nditanena kuti ndachokera kwa alongo awo, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndilibe mlongo. Fabiano maliro ake tinalira kale. Makalata atasiya kubwera tinadikira zaka, kenako tinamva kuti anafera m'famu. Tinakwirira malaya ake. Manda alipo, pafupi ndi a bambo."

Sindinatsutse. Ndinangoyatsa foni n'kuika pamkeka. Atamva liwu loyamba, kachewere amene anali m'manja mwawo anagwa. Anamvetsera mpaka kumapeto osagwedezeka. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Kachitatu anadzikokera pafupi n'kuika khutu pa foni.

"Chitsiru," anatero. Misozi inkatsika koma sankaipukuta. "Chitsiru cha munthu. Ng'ombeyo bambo anadziwa tsiku lomwelo. Amene anagula anabwera yekha kudzawauza. Bambo anati musiyeni, ng'ombe inali yake yomwe, ndinkamusungira ya ukwati. Za akuba a ku Mozambiki anapeka okha kuti anthu asamunene. Mpaka kufa kwawo, akamva galimoto pamsewu ankatuluka."

Ndinali ndi nambala ya kafoni ka aNgozo. Tinakwera pamwala kuseri kwa nyumba pamene pankagwira netiweki, n'kuimba. Atayankha ndinapereka foni kwa mayi aja. Anaigwira ndi manja awiri.

"Fabiano."

"Ee."

"Mawu ako akalamba."

Ndinamukoka Tadala n'kutsika pamwalapo kuti tiwasiye okha. Analankhula mpaka mayunitsi anatha. Zimene anauzana sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti aNgozo anati abwera mvula ikatha, ndipo mvula yatha kawiri tsopano. Amaimbirana ndi mlongo wawo Lamulungu lililonse. Ine ndikawafunsa amati akukonzeka.

Pobwerera tinakhala pamsika kudikira lole. Kunkazizira, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga. Ndinagula chimanga chootcha n'kuchithyola pakati. Tadala anadya theka lake mwakachetechete, akutola njere imodziimodzi. Kenako anafunsa, maso ali pa chitsononkho.

"Amayi aang'ono, inu mukanakhalitsa, tikanakwirira chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

Anaganiza pang'ono. "Munasiya chitenje chobiriwira. Chili m'sutikesi mwa amayi. Koma chimenecho ndikanakana. Ndimafunda ndikadwala."

Lole inafika. Iye anakwera msangamsanga ngati wozolowera, n'kukankha thumba la kabichi kuti ndipeze pokhala.

Ntchito ija ndikugwirabe. Ndinagula sola, ndipo netiweki masiku ano imafika mpaka pakhonde, ngakhale mvula ikagwa imavutabe. Pasipoti inatha masiku, sindinakakonzetsenso. Tadala amagonabe kwa achemwali. Akaweruka kusukulu amadzera kwanga, amakhala pamkeka n'kumalemba ntchito yake ine ndikulemba yanga, ndipo dzuwa likapendeka amasonkhanitsa mabuku n'kuwoloka bwalo. Amanditchulabe amayi aang'ono, ndipo ine ndimavomera.